Nsalu ya Maliro Imene Sinafike ku Mapazi

Ana anga, Limbani, Tiyamike ndi Esinati, ndi inu zidzukulu zanga mukadzakula: ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka ndapuma pa ntchito maso ndi manja zikadali zanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye mukapeza polakwika musaseke kwambiri. Za ubwana wanga ku Mitundu ndinakuuzani kale pakamwa kambirimbiri. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito yanga ku gulu la zisudzo, makamaka za chinthu chimodzi chimene ndinachita, chimene mpaka lero sindidziwa ngati chinali chikhulupiriro kapena mantha chabe.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

Bambo anu anali dalaivala wa minibasi, ndipo tinkakhala ku Area 23 m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. M'mawa wa tsiku limenelo mvula inkawaza. Ndinawauza kuti ayende bwino, msewu ndi woterera. Anaima pakhomo akumanga lamba, nati, "Msewu umenewu ndinakulira momwemo, sungandichite kanthu. Usagule ndiwo lero, ndibwera ndi nyama." Ndinaseka, ndipo ndiwo sindinagule. Masana kunabwera anzawo awiri atavula zipewa. Limbani anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Esinati ali kumsana.

Patapita miyezi ingapo amayi ena a kumpingo anandiuza kuti ku holo ina ku Kawale akufuna munthu wosesa. Ndinapita, anandilemba. Ntchito inali kusesa, kukolopa, kuyala mabenchi ndi kutsuka zimbudzi. Masana kunkabwera gulu la zisudzo kudzayeserera. Wotsogolera wawo anali Bambo Gondwe, mphunzitsi wa kwawo ku Rumphi, wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi waya, mkulu wa mpingo amene akakwiya ankaiwala Chichewa. Ine ndinali ndisanaonerepo sewero la pa siteji chibadwire. Ndinkakolopa pang'onopang'ono kuti ndizimvetsera.

Tsiku lina ankayeserera sewero la mnyamata wopita ku Joni. Mnyamatayo anagwira dzanja la chibwenzi chake, nati, "Usalire, mwezi wa Disembala ndibwera, tikwatirana. Palibe chingandiletse." Ndisanaganize n'komwe ndinakuwa ndili ndi mopu m'manja, "Nenani kuti Mulungu akalola!"

Onse anatembenuka. Mtsikana uja anagwa pansi ndi phwete. Bambo Gondwe anavula magalasi.

"Amayi, mwati chiyani?"

"Pepani bwana. Ndimati mwanayu awonjezereko kuti Mulungu akalola. Mawu amenewo sanena choncho."

"Akawonjezera ndiye kuti abwerako. Akabwerako, sewero latha anthu asanakhale pansi."

"Ndiye kuti sabwera?"

"Safika n'komwe. Afera m'njira."

"Inu mukudziwa kale, koma mukumusiya anene?"

"Ndine ndinamulembera mawuwo, amayi."

Ndinabwerera ku mopu wanga mutu uli zwee. Munthu wamkulu, wopemphera, akudziwa kuti mwana wa eni akupita kukafa, n'kumupatsanso mawu oitanira imfayo. Madzulo ake ndinamupempherera mnyamata wa ku Joni uja pamodzi ndi inu, ngakhale ndinkadziwa kuti kulibe munthu wotero. Kapena ndinkapempherera wosewerayo. Sindikudziwa.

Zaka za m'chipinda cha zovala

Bambo Gondwe sanandisungire mkwiyo. Ataona kuti ndimasoka zigamba bwino, anapempha kuti ndizithandiza telala wa gululo, Che Saidi. Anali bambo wachikulire wa kwawo ku Mangochi, Msilamu, wokhala ku Chinsapo, wa ndevu zoyera ndi nthabwala zosatha. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kupondaponda makina, kudula ndi sizasi yaikulu, ndi kugwira tepi. Mulungu awakumbukire kumene ali. Gululo litapeza thandizo kwa mabungwe linandilemba ntchito yeniyeni, ndipo linabwereka kachipinda ku Biwi kosungiramo zovala. Kenako tinasamukira ku Area 25, kumene denga linkadontha pa mayunifomu a apolisi a m'sewero mpaka anachita nguwi. Ine ndinkakwera maminibasi awiri kupita, awiri kubwera, ndipo nthawi zonse ndinkakhala kumbuyo, kutali ndi dalaivala.

Kusowa ndiye kunali kwathu. Ulusi woyera ukatha tinkasoka ndi wakuda n'kupaka choko pamwamba. Mkanjo wa woweruza milandu tinaupanga ndi katani ya pa kaunjika. Diresi limodzi laukwati linakwatiwitsa atsikana asanu ndi awiri, onenepa ndi owonda, ine ndikungolifutukula ndi kulibweza. Che Saidi ankati diresilo lili ndi mabanja ambiri kuposa amalume awo.

Koma chimene sindinachizolowere ndi mawu aja. Sewero lililonse, ngakhale la nyimbo ndi magule, linali ndi munthu wake wodzitama. Wina ankati, "Matenda amenewo ndi a anthu opusa, ine sangandigwire." Wina, "Mtsinje uwu ndawoloka kakhumi, madzi amandidziwa." Wina ankangoti, "Lero ndiye tsiku labwino kuposa onse." Akangotero, oonera ankayamba kung'ung'udza, ena kuseka, ena kukuwa, "Wapita ameneyo!" Ine kuseri kwa katani ndinkanong'ona ndekha kuti Mulungu akalola, Mulungu akalola, ngati ndikusoka chigamba pa mawu awo. Osewera anandipatsa dzina. Ndikalowa ankati, "Afika a Mulungu Akalola."

Chondizunguza kwambiri chinali chakuti Bambo Gondwe eni ake, akamatseka kuyeserera, ankati, "Tionana Lachinayi, Mulungu akalola." Sanaphonyepo. Tsiku lina ndikuwasokera batani ndinawafunsa.

"Bwana, inu mumanena mawuwo. Nanga bwanji anthu a m'sewero mumawamana?"

"Iwo mathero awo ndimawadziwa, ali m'kope mwanga. Anga sindiwadziwa."

"Nanga wosewerayo? Pakamwa potulukira mawuwo ndi pake. Mathero ake ali m'kope mwanu?"

Anayang'ana pa malaya awo, nati, "Mayi a Limbani, batanilo lakhota."

Ndinakafunsanso abusa. Iwo anati Mulungu amaona mtima, sasokonezeka ndi sewero. Ndinavomera. Koma pobwerera ndinadzifunsa kuti nanga bambo anu mtima wawo unali woipa? Ankangofuna kundiseketsa, ndi kutigulira nyama.

Chaka chimene Limbani anapatsidwa gawo lalikulu

Limbani anakulira m'zovala zimenezo. Atamaliza Fomu 4 ntchito inasowa, ankagulitsa mayunitsi pa siteji ya minibasi ku Kawale, masana n'kumabwera kudzaimba ndi gululo. Anatalika ngati bambo ake, mawu akenso omwewo. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, Bambo Gondwe analemba sewero la nyimbo lonena za Kamwendo, mwini maminibasi wolemera ndi wodzikuza. Gawo la Kamwendo anapatsa Limbani. Anatiuzanso kuti tsiku loyamba kudzabwera alendo awiri ochokera ku Blantyre, ofuna achinyamata oti akasewere m'masewero a pa kanema.

Mwana wanga anabwera kunyumba akuvina. Anandinyamula m'mwamba ine mayi ake. "Amayi, ndatuluka! Za mayunitsi zatha!" Ndinagwada naye, tinathokoza Mulungu. Sindinadziwe zimene zinali m'kopemo.

Ndinazimva pa kuyeserera. Pakati pa sewerolo Kamwendo akwera pa benchi, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kuimba akuloza kumwamba kuti imfa ikamufuna ibwere ndi anzake, yokha siingamuthe, msewu ndi wake. Mawu a bambo ake, kaimidwe ka bambo ake, ngakhale kagwiridwe ka lamba. Ndinakhala pansi pa mulu wa zovala. Kenako Bambo Gondwe anabwera ndi nsalu ya bafuta yoyera, yatsopano, n'kuiika pa makina anga.

"Chomaliza ndi maliro a Kamwendo. Agona pa mphasa atakulungidwa, amayi akuimba. Koma pakati pa ngoziyo ndi malirowo pali mphindi imodzi yokha, palibe nthawi yokulunga. Musoke ngati thumba, lotseguka kumsana, la zingwe zitatu, angolowamo. Likhale lomukwana ndendende. Mumuyeze kuyambira kumutu mpaka kumapazi."

"Ndimuyeze ndani?"

"Limbani. Kodi Kamwendo ndi ndani?"

Ana anga, zaka zonsezo ndinayeza anthu mazanamazana. Paphewa, m'chiuno, mkono, kuchokera m'chiuno kufika pa kakolo. Koma telala sayeza munthu kuchokera pa liwombo kufika ku chidendene. Muyezo umenewo ndinauona kamodzi kokha, pamene amuna analowa m'nyumba ya ku Area 23 ndi bango, n'kuliika pambali pa bambo anu, n'kulithyola, n'kupita nalo kwa opala bokosi ndi okumba manda.

Limbani anabwera m'chipinda cha zovala akuseka, anadzigoneka chagada pa tebulo lodulira, manja pa chifuwa. "Yezani amayi, malemu akuchedwa ku pulakatisi."

"Dzuka! Dzuka pamenepo msanga!"

"Iii amayi, ndi sewero."

"Ndati dzuka. Tepi yasowa. Ubwere mawa."

Tepi inali m'khosi mwanga. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, natuluka.

Ndinapempha Che Saidi kuti amuyeze iwo. Anakana. "Achemwali, mwana wanu ndimuyeze ine inu muli pompano? Mukadzamva kuti wapunthwa chala mudzati ndi Saidi." Ndinawafunsa ngati kwawo si tsoka kusoka nsalu yotere munthu ali moyo. Anati, "Kwathu alipo akuluakulu amene amagula okha nsalu yawo n'kuisunga m'sutikesi zaka makumi awiri. Ena mpaka njenjete zimadya nsaluyo iwo akudyabe mpunga. Tsiku analemba ndi Mwini wake, si telala." Ndinati ndiye palibe vuto. Anati, "Koma amagula yawo. Ya mwana wawo sindinaonepo." Anandisiya pomwepo, osandithandiza, atangowonjezera chizungulire.

Ndinapita kwa Bambo Gondwe kukapempha kuti achotse nyimboyo, kapena Kamwendo angovulala, alape. Anati ayi, sewero lonse laima pa nyimboyo. Ndinapempha kuti m'nsalumo muikidwe mapilo. Anati oonera si ana, adzadziwa kuti m'nsalumo mulibe munthu. Pomaliza anati, mofatsa ndithu, "Ngati simungathe, ndimupatse gawoli mnzake Yohane. Koma mukamuuze nokha mwana wanu." Ndinatuluka ndili ndi zinthu ziwiri m'manja, zonse zotentha. Ndikakana, ndamulanda mwana mwayi wake. Ndikavomera, ndamuyeza ndi manja anga amene ndinamusambitsa nawo.

Masiku atatu nsaluyo inakhala pa makina. Tsiku lachinayi masana, Che Saidi atapita ku mzikiti, ndinatseka chitseko. Ndinayala bafutayo pansi. Ndinavula nsapato ndi duku, ndinagona chagada pamwamba pake. Denga ndinaliona bwino tsiku limenelo, mabowo onse. Ndinatenga choko, ndinalemba mzere pamwamba pa mutu wanga, ndinadzuka osasuntha zidendene, ndinalemba wina kumapazi. Ndinapemphera kuti, "Ambuye, abusa akuti simusokonezeka ndi sewero, ndipo ndikukhulupirira. Koma ngati pali china chimene chimamvetsera mawu otere, chikabwera kudzafuna mwini nsaluyi, chipeze kuti ndi yanga." Ndinadula pa mizere yanga. Ndinasoka bwino kuposa diresi laukwati lija.

Sindinaganize za kutalika. Zoona, ana anga, mutu wanga sunafike kumeneko. Ine ndimalekezera pa phewa la Limbani. Atafunsa kuti ayese, ndinati zingwe sizinathe. Tsiku loyeserera komaliza ndinati ndaichapa sinaume. Anagwiritsa ntchito chitenje. Ndinanama katatu sabata imodzi, ine mayi wa kumpingo.

Loweruka la sewerolo

Holo ya ku Kawale inadzaza masana dzuwa likuswa mtengo, ena atakwera m'mawindo. Alendo a ku Blantyre anakhala kutsogolo pa mipando ya pulasitiki. Limbani anaimba ngati sanaimbepo. Atakwera pa benchi paja holo yonse inati zii, kenako mayi wina anakuwa, "Mwana iwe, tsika!" Ndinamva kuti si ine ndekha. Ngozi inachitika ndi ng'oma ndi malata. Kuseri kwa katani anyamata anamulowetsa m'nsalu mwachangu, ine ndikumanga zingwe. M'modzi anati, "Amayi, sikufika!" Koma katani inali itayamba kale kutseguka.

Kamwendo anagona pa mphasa, mutu ndi thupi zoyera bwinobwino. Kuyambira pa katumba kutsika, miyendo inali panja. Nsapato anali atavula. Sokosi yakumanja inali yobooka, chala chachikulu chili pamtunda.

Amayi oimba anayamba nyimbo ya maliro. Mzere woyamba unayenda bwino. Kenako kumbuyo wina anakuwa, "Malemu akula!" Wina, "Olemera chonchi, sokosi yobooka!" Wina, "Bafuta wakwera mtengo, abale!" Holo inaphulika. Ntchentche inatera pa chala chija, chala chinagwedera, anthu anagwa m'mabenchi. Amayi oimba anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, osati ndi kulira. Alendo aja m'modzi ankapukuta misozi ya phwete. Ine ndinaima kuseri ndikuyang'ana chala chikugwedera, ndipo, Mulungu andikhululukire, mtima wanga unadzaza chimwemwe. Ndinkangoti chikugwedera, chikugwedera, ndi wamoyo.

Katani itatsekedwa Bambo Gondwe anabwera akulankhula Chitumbuka chokhachokha. Atabwerera ku Chichewa anati, "Zaka zonsezi simunaphonyepo ngakhale inchi imodzi. Lero mwaphonya mwendo wathunthu?" Limbani anali atakhala pa mphasa, nsaluyo ili m'chiuno, osandiyang'ana.

"Sindinaphonye, bwana. Muyezowo ndi wolondola. Ndi wanga."

"Wanu bwanji?"

"Ndinagonapo ine. Mwana wanga sindikanamuyeza."

Che Saidi anakanda ndevu, nati chapansipansi, "Ndinanena ine kuti amagula yawo." Bambo Gondwe anavula magalasi, anawapukuta, anawavala, anawavulanso. Kenako anatuluka. Limbani ndiye anayankhula.

"Amayi, ndinayeserera miyezi itatu. Anthu aja anabwera kudzaona ngati ndingalize holo. Aona chala."

"Ndimaopa, mwana wanga."

"Mumaopa chiyani? Nsalu? Bambo anafa chifukwa cha matayala akutha ndi mvula, osati chifukwa cha mawu!"

"Mwina."

"Si mwina!"

"Mwina, Limbani."

Alendo aja anatenga mtsikana m'modzi ndi Yohane. Limbani sanamutenge. Kaya chinali chala, kaya anali ndi maganizo ena kale, palibe anatiuza. Mwana wanga anakhala miyezi iwiri akudya kwa anzake ku Mtandire, akandipeza panjira ankangoti, "Mwaswera," n'kudutsa. Imeneyo inali miyezi yowawa kuposa ya chaka cha njala.

Ine ndinkadikira kuchotsedwa ntchito. Lolemba lotsatira sewerolo Bambo Gondwe anandiitana. Ndinapita nditanyamula kale sizasi yanga. Anati, "Nsalu ija musaitalikitse." Ndinati sindinamve. Anati anthu akufunsa tsiku lobwereza, akufuna kudzaona maliro a chala. Anasintha mathero, anawonjezera mawu akuti Kamwendo anali ndi maminibasi khumi koma nsalu yomukwana inasowa. Sewerolo linayenda ku Mgona, ku Chipasula, ku Chinsapo, m'masukulu, kuposa ena onse amene tinachitapo. Anthu ankati Gondwe ndi wanzeru, waphunzitsa za kudzikuza mopanda kulalikira. Iwo ankangogwedeza mutu. Apa ndiye ndinasokonezekeratu. Ndinalakwa, ndinanama, ndinawononga, ndiye n'kukhala chokoma cha sewero. Koma wolowa m'nsalumo anali Yohane, sanalinso Limbani. Mwana wanga anasiya zisudzo, anakaphunzira kuwotcherera zitsulo.

Chaka chino

Ndinapuma pa ntchito maso atayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Tsiku lotsanzikana anandipatsa chitenje, ndowa ndi makina akale aja. Bambo Gondwe, atakalamba nawonso, anandipatsa kaphukusi ka pepala. Anati, "Katundu wa eni sitisunga." Munali nsalu ija, yochapidwa ndi kusitidwa. Ndinati zikomo, tidzaonana. Anati, "Mulungu akalola, Mayi a Limbani," ndipo tonse tinaseka mpaka kutsokomola.

Limbani lero ali ndi shedi yake ku Area 25, mkazi wabwino ndi ana atatu. Akamawotcherera mageti amaimba, ndipo anthu odutsa amaima. Ndikamumva ndimathokoza Mulungu kuti ali moyo, nthawi yomweyo ndimadzifunsa ngati mawu amenewo sanayenera kumveka dziko lonse, ine n'kuwatsekera m'shedi ndi choko changa. Yohane timamuona pa kanema. Iyenso anaimba nyimbo ya Kamwendo kambirimbiri pambuyo pake, analowa m'nsalu, ndipo ali bwinobwino, wanenepa. Ndiye kapena panalibe chilichonse choopa. Kapena chinalipo, chinabwera, chinapeza muyezo wa mayi wokalamba, chinati ndidzabweranso. Ndafunsa abusa atatu, aliyense wayankha zake. Limbani, mwana wanga, ngati ndinakulanda, ndikhululukire. Sindinadziwe njira ina yokukondera tsiku limenelo.

Mwezi watha anabwera kudzandikonzera chitseko, anaipeza nsaluyo m'sutikesi akufuna sikuludiraiva. Anaitambasula, anaiyang'ana, anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, mwafupika. Panopa ikhala yotsalira."

"Ndiye bwino. Zala zanga anthu sadzaziona."

Anaseka, kenako anasiya kuseka, anaipinda bwinobwino m'mizere yake n'kuibwezera.

Ili m'sutikesi yobiriwira pansi pa bedi, mwaikidwa mankhwala a njenjete. Tsiku likadzafika musadzavutike kugula ina, ndipo amuna asadzalowe ndi bango m'nyumba mwanga, muyezo ulipo kale. Tiyamike ndi Esinati mudzandiveke. Zingwe ndi zitatu, zili kumsana. Chapakati ndinachisoka mothina pang'ono, mudzakoke mofatsa.